Ndani Anamuletsa Fodya?

Inali m'ma sikisi koloko m'mawa, kunja kukugwa mvula yowaza imene inayamba dzulo lake, pamene a Telala anaika kapu patebulo mwamphamvu mpaka tiyi n'kutayikira pansalu.

"Ndanena kale. Mwezi uno ukatha, makina a mlamu wangayo achoke m'shopu mwanga."

"Mwanu nokha?" anafunsa akazi awo ali chiimire pakhomo la khitchini. "Shopu ija si munatsegula awiri ndi mng'ono wanu?"

"Mng'ono wangayo ali kuti lero? Munthu anayamba kusuta tili anyamata, osagonapo m'chipatala ngakhale kamodzi. Mkazi n'kumukhalira pakhosi, siyani, siyani, siyani. Anasiya. Chaka chisanathe tinamunyamula. Ndiye ine ndizikhala moyang'anizana ndi mkaziyo tsiku lonse, iye akuponda makina ngati palibe chachitika?"

"Abambo ake, pakamwa apo. Make Mapasa ali ndi ana awiri apasukulu. Akasokere kuti, pamsewu?"

"Akasokere kumene kulibe osuta, poti utsi umamunyansa."

Mwana wawo wamkazi anali pakona akusita bulauzi ya kuntchito. Aliyense ankamutchula Namasamu, dzina limene bambo ake omwewo anamupatsa ali wamng'ono chifukwa chokonda kuwerenga chilichonse, ngakhale masitepe a anthu odutsa. Tsopano ankagwira ntchito ku ofesi ya kafukufuku wa zaumoyo, kumene ankawerengera za anthu amene amwalira ndi kufufuza chimene chinawafupikitsira moyo. Anadzutsa mutu, simbi ili pabulauzi.

"Bambo, kusiya fodya sikupha munthu."

"Wayamba. Amayi ako andiweruza kale, tsopano ofesi yalowererapo."

"Ndi ntchito imene ndimagwira tsiku ndi tsiku. Ndikanakhala kuti sindikudziwa, bwenzi nditakhala chete."

"Iwe umawerenga anthu amene sunawaonepo nkhope. Ine ndikukamba za anthu amene ndinawasokera masuti a ukwati, n'kudzawasitiranso masuti omwewo tsiku lowaika m'manda. Ndani akudziwa bwino pakati pa iwe ndi ine?"

"Amayi aang'ono sanaphe munthu."

"Sindinati anatenga mpeni. Ndati anamuchotsera chinthu chimene thupi lake linazolowera. Thupi ukalilanda chake, limakwiya."

"Nanga anawo akamamva kuti bambo awo aakulu akunena zimenezi?" anatero amayi. "Kusukulu anzawo ayamba kale kuwafunsa."

A Telala anatenga ambulera kuseri kwa chitseko, n'kutuluka tiyi asanamalize. Amayi anapukuta patebulo, kenako anauza mwana wawo kuti bulauzi ikupsa.

Loweruka Namasamu anapita kushopu. Chinali chipinda chimodzi chachitali, tebulo lodulirapo nsalu lili pakati, zovala zomalizidwa zitapachikidwa pawaya m'mbali mwa khoma. Makina a a Telala anali pafupi ndi khomo. A Make Mapasa anali kumbuyo pawindo, moyang'anizana nawo. Chimwalirireni mwamuna wake, awiriwo sankalankhulana. Kasitomala akafunsa za diresi, a Telala ankangoloza ndi chibwano.

Pakhonde panali benchi imene shopuyo inkagawana ndi wometa tsitsi wa khomo lotsatira, amene anthu ankamutcha a Lumo. Nkhani iliyonse ya mumsewuwo inkayambira pabenchi imeneyo kapena kudzathera pomwepo. Atangomuona Namasamu, a Lumo analowa m'shopu thaulo lili paphewa.

"Abwana a masamu! Ndamva kuti mukutitsutsa. Tiyeni tiwerenge limodzi, inenso sukulu ndinadutsako pakhomo. Woyendetsa basi uja anasiya fodya, mvula isanagwe tinamuika. Wowotcherera zitsulo anasiya, anatha miyezi ingati? Mlonda wa kusitolo yayikulu anasiya, yemweyo. Kenako mnzathu Wamng'ono, bambo anu aang'ono. Ine ndi bambo anuwa tikusuta, taonani masayawa."

"Nanga amene anamwalira akusutabe, mwawawerenga?"

"Amenewo inali nthawi yawo."

"Akafa wosuta ndi nthawi yake, akafa wosiya wamupha ndi mkazi?"

"Mwana uyu akanakhala loya," anatero a Lumo akuseka.

Namasamu anatenga chitini cha mabatani pashelefu n'kuwakhuthulira patebulo. Anapatula oyera, akuda ndi ofiirira.

"Ndikuonetseni mmene timachitira. Timatenga anthu masauzande ambiri n'kuwatsatira kwa zaka zambiri. Oyerawa sanasutepo. Akudawa akusuta. Ofiirirawa anasiya. Chaka ndi chaka timaona kuti gulu lililonse lataya angati, ndipo timayerekeza anthu amsinkhu umodzi, kuti nkhalamba tisaipikisanitse ndi mnyamata. Tsono tikayang'ana zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba munthu atangosiya, n'zoona, osiya amafa ambiri kuposa amene akusutabe."

A Lumo anaomba m'manja. "Mwamva a Telala? Makompyuta avomera!"

"Dikirani ndimalize. Funso ndi lakuti anasiyiranji. Ambiri mwa amenewa sanasiye ali bwino. Chifuwa chinali chitayamba kale kuwawa, kapena mpweya utayamba kuchepa, kapena dokotala atawaopseza. Matenda ndiwo anawasiyitsa fodya, kenako matenda omwewo n'kuwatenga. Ndiye zaka zoyambazo timaziika pambali." Anakankhira mabatani ofiirira angapo kumphepete kwa tebulo. "Tikawerenga kuyambira pamenepo, timapeza kuti osiya amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa osuta. Amene wasiya msanga ndiye amapindula kwambiri."

A Telala, amene nthawi yonseyi ankajambula nsalu ndi choko ngati sakumva, anaika choko pansi. Anatola batani limodzi mwa aja akumphepete.

"Awa wawaika kuti?"

"Pambali, Bambo."

"Ndiye kuti akufa amene sakugwirizana nawe umawakankhira kumapeto kwa tebulo. Mng'ono wanga ndi batani ili. Wamuchotsa kuti masamu ako aoneke oyera."

Funso limeneli Namasamu analifunsapo iyenso mwini atangoyamba ntchito, ndipo yankho la kuofesi silinkamveka bwino pamaso pa munthu amene wagwira batani m'manja.

"Sitiwataya ayi. Timawawerenga paokha, chifukwa nkhani yawo ndi ina. Taganizani za malaya amene anthu amabweretsa kuno kuti muike chigamba. Si amenewo amatha msanga kuposa amene sanabwerepo? Ndiye tinene kuti chigamba chanu ndicho chimathetsa malaya?"

"Apo wakugwirani," anatero a Lumo.

"Munthu si malaya," anayankha a Telala. "Ndipo mng'ono wanga sanali wong'ambika. Ndinali naye muno tsiku lililonse, akanadwala ndikanadziwa. Anadwala atasiya. Ngati ukufuna kudziwa amene anamusiyitsa, mwini wake ali apoyo. Si anaima pakhomo apa n'kulengeza mumsewu wonse kuti wapambana? A Lumo, ndikunama?"

"Ndinamva ndi makutu angawa."

Kumbuyo kuja makina anaima. Patapita kanthawi anayambanso kulira. Namasamu anabwezera mabatani m'chitini mmodzimmodzi, koma lija limene anatola bambo ake, iwo analiika m'thumba la malaya awo osazindikira.

Sabata yotsatirayo nkhaniyi inamutsatira mpaka kuofesi. M'kafukufuku wawo funso lovuta kwambiri linali lomwelo, lakuti munthu anasiyiranji. Mwini wake amakhala atapita, ndiye amafunsa amene ankagona naye nyumba imodzi. Anazindikira kuti za bambo ake aang'ono aliyense anali ndi yankho, koma panalibe amene anafunsa.

Lamlungu masana anapeza Make Mapasa kuseri kwa nyumba yake akuchapa mayunifomu a ana. Anakhala pandowa yovundikira n'kuyamba kumuthandiza kutsukuluza.

"Amayi aang'ono, bambo aang'ono anasiyiranji fodya?"

"Wafunsa ngati wapolisi." Anapitiriza kufikisa kolala. "Ukudziwa kuti palibe anandifunsapo zimenezo? Onse amabwera ndi yankho lawo m'thumba."

"Ine ndabwera chimanjamanja."

"Ndinawalankhula zaka zonse za ukwati wathu. Ndinabisa machesi. Ndinaviika paketi m'madzi. Ndinagonapo chofulatira sabata yathunthu. Ankangoseka, amvekere mkazi wanga ndiwe wailesi yopanda pozimitsira. Ndiye m'mawa wina anayatsa, kukoka kamodzi, n'kuyang'ana nduduyo ngati munthu amene wavala nsapato ya wina. Anati ikununkha chiguduli chonyowa. Kwa milungu ingapo ankangoyatsa n'kuisiya kuti izipsa yokha, kuopa kuti akulu awo ndi a Lumo angawaseke. Kenako anasiyiratu, osavutika n'komwe. Munthu amene kale fodya akamuthera ankayenda pamvula kukamufuna."

"Ankatsokomola?"

"Usiku. Kushopu ankatulukira kumbuyo. Mpango wawo anayamba kuchapa okha, ine n'kumati ukalamba wawaphunzitsa ukhondo."

"Ndiye munaneneranji kuti ndinu munawaletsa?"

Make Mapasa anaika malaya m'beseni n'kupukuta manja pansalu yake.

"Ndinanyada, mwanawe. Zaka zonsezo ndikulankhula ndekha, tsiku limenelo ndinafuna kuti mumsewu mudziwe kuti nanenso ndamveka. Iwonso sananditsutse. Zinawakomera kuti anthu aziti mkazi wawagonjetsa kusiyana ndi kuti aziwafunsa za chifuwa. Tonse awiri tinanama bodza limodzi, koma iwo anapita, latsalira ine."

Mmodzi wa mapasa anasuzumira pakona kufunsa za sopo, amayi ake n'kumuthamangitsa ndi dzanja. Kenako anatsitsa mawu.

"Ndiuze zoona, iwe wophunzira. Usandinyengerere. Akanapitiriza kusuta, bwenzi alipo?"

"Ayi. Ine si dokotala, koma matenda amene anawapeza m'mapapo aja samera m'miyezi yochepa. Anali nawo kale asanazimitse ndudu yomaliza."

Make Mapasa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anatola malaya ena n'kuwafinya nthawi yaitali, madzi atasiya kale kudontha.

"Usiku wina ndimagona n'kumati mwina alamu akunena zoona. Ndinkangofuna wina anene kuti si choncho."

"Ndikawauza Bambo zimene mwandiuzazi."

"Akati ndasintha nkhani chifukwa cha makina. Zisiye."

Namasamu sanazisiye. Anawauza bambo ake madzulo omwewo, ndipo iwo anayankha ndendende mmene Make Mapasa ananenera: munthu akaona kuti makina ake akutuluka, amakumbukira zinthu zambiri. Amayi anayesanso kulankhula, koma a Telala anakweza wailesi.

Loweruka lomaliza la mwezi kunacha kuli mitambo koma mvula osagwa. Make Mapasa anali atapangana ndi wagalimoto kuti abwere madzulo kudzanyamula makina, ndipo Namasamu anabwera kudzathandiza kulongedza. Anaika ulusi m'katoni, masizasi ndi tepi m'chikwama, madiresi osamaliza n'kuwapinda paokha kuti eni ake akawatsatire kunyumba. Kunyumbako kunali kutali ndi msewu, ndipo onse awiri ankadziwa kuti makasitomala ambiri sadzafikako, koma sanazitchule.

A Telala ankasoka jekete, mutu uli pansi. Pambali pawo, m'chivundikiro cha chitini chimene ankatayiramo phulusa, munali ndudu ikufuka.

Atamaliza kumanga katoni, Make Mapasa anadutsa tebulo lija n'kukaima patsogolo pa makina awo.

"Alamu."

Aka kanali koyamba kuwalankhula chichitikireni maliro. A Telala sanadzutse mutu.

"Makina anga achoka madzulo ano, simundionanso muno. Sindikupempha kuti musinthe maganizo. Ndiloleni ndinene chimodzi chokha."

"Mwanena kale zambiri pamoyo wanu."

"Nduduyo mwakokako kangati?"

Namasamu anayang'ana. Ndudu inali itapsa kupitirira theka, phulusa lake lili lalitali, losathyoka, monga limakhalira ngati palibe waigwira.

"Ndatanganidwa," anatero a Telala. "Simukuona jeketeyi?"

"Ndakhala moyang'anizana nanu zaka zambiri. Mumasoka ndudu ili pakamwa, phulusa likugwera pansalu za anthu, ine n'kumasasa mukatuluka. Koma masabata awiri apitawa mumayatsa a Lumo akasuzumira, n'kuiika pansi. Zimenezi ndinaziona kale m'nyumba mwanga, ndipo nthawi imeneyo ndinaomba m'manja. Sindiombanso. Wakuletsani ndani, alamu? Ine sindinakulankhuleni. Akazi anu anatopa kalekale. Mwanayu mumamutseka pakamwa. Ndani?"

"Fodya wa masiku ano ndi wachabe. Akuikamo zinyalala."

"Mng'ono wanu ananenanso choncho."

Kuyambira ali kusekondale Namasamu ankalakalaka tsiku limene bambo ake adzaleke kusuta. Tsopano anaima ndi katoni m'manja, osadziwa poiika.

"Bambo, n'zoona?"

A Telala anatola nduduyo, phulusa n'kugwera pansi. Anayang'ana mlamu wawo m'maso, n'kukoka utsi wambiri ngati munthu amene akupereka umboni. Chifuwa chinawagwira pomwepo. Anatsokomola atagwira m'mphepete mwa makina, kenako anadzuka n'kutulukira khomo lakumbuyo. Akazi awiriwo anawamva kuseri kwa khoma kwa nthawi yaitali. Atabwerera, mpango unali m'thumba la thalauza, dzanja lili pamwamba pake.

Anakhala pansi n'kuwongola jekete ija pansi pa singano.

"Mwini wake akuifuna Lolemba," anatero, osauza aliyense.

Anaponda makina pang'ono n'kuima. Msoko unali utakhota. Anayamba kuumasula ndi nsonga ya sizasi, mwakachetechete, mpaka pamene unayambira. Make Mapasa anabwerera kumbuyo kukamasula lamba wa makina ake. Kuseri kwa khoma a Lumo ankauza kasitomala kuti dazi silimera ndi mafuta.

"Namasamu," anatero a Telala, maso ali pajekete. "Kuchipatala kuja amagwira ntchito Loweruka?"

"Amagwira, Bambo."

"Katenge chipewa changa."

Kuchipatala anawajambula pachifuwa n'kuwauza kuti adikire. Anakhala pabenchi mukhonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera, pakati pa mayi wa mwana wothyoka mkono ndi mkulu wina amene ankagona chokhala. A Telala anayang'ana yunifomu ya namwino wodutsa n'kunena kuti amene anasoka matumba ake sanayeze. Mzere utasuntha kawiri, anatembenukira kwa mwana wawo.

"Anthu ako aja umawaika pambali. Onse amafa?"

"Ayi. Ena amafika kuno nthawi idakalipo."

"Ine ndili mbali iti?"

"Sindikudziwa, Bambo. Masamu anga amanena za anthu chikwi. Za munthu mmodzi sanena kanthu."

"Ndiye ntchito yake n'chiyani?"

"Kuti munthu mmodziyo adziwe nthawi yodzuka n'kubwera kuno."

A Telala anazunguza chipewa m'manja.

"Ankatulukira kumbuyo kawirikawiri, mng'ono wanga. Ndinkamunena kuti akuthawa ntchito. Khoma lija ndi lopyapyala, iwenso wamva lero. Kunali kosavuta kukwiyira mkazi uja."

Namasamu anawalanda chipewa chija n'kuchiika pamiyendo pake, chifukwa anali atayamba kupinda mlomo wake.

Dokotala anali mayi wachikulire wolankhula mosathamanga. Anawaonetsa chithunzi n'kuloza kachigawo koyera kumtunda kwa phapo lakumanzere. Anati sanganene msanga kuti n'chiyani, pafunika kuyezanso sabata yamawa, ndipo achita bwino kubwera osadikira kuti awanyamule. Anafunsa ngati amasuta.

"Ndinkasuta."

"Munasiya liti?"

"Posachedwapa."

"Anakulangizani ndani?"

"Palibe," anayankha a Telala.

Anabwerera kushopu dzuwa litapendeka, litatulukira pansi pa mitambo. Makina a Make Mapasa anali pakhomo atamangidwa chingwe, wagalimoto akutsitsa chitseko chakumbuyo cha galimoto yake. Pabenchi panali a Lumo ndi amuna ena atatu odikira kumetedwa.

"Bwana, mwasowa tsiku lonse!" anafuula a Lumo. "Tinkati mwathawa kunyamula. Machesi muli nawo? Anga anyowa."

A Telala anatulutsa machesi ndi paketi yomwe, n'kuziika pabenchi.

"Tengani zonse. Ndasiya."

"Aaa! Nayenso amugwira! Ndani, akazi anu kapena loya wathuyu?"

"Palibe. Fodya wandikana yekha, monga anamukanira mng'ono wanga. Ndikuchokera kuchipatala, andipeza ndi kanthu pachifuwa." Anadikira kuti amuna aja asiye kuyang'anana. "Mng'ono wanga anali atadwala kale, ife tili pabenchi pano tikumuseka kuti mkazi wamuweta. Alamu anga sanaphe munthu. Ndinazinena pakhonde pano, ndiye ndikuzibweza pakhonde pomwe pano. A Lumo, poti pakamwa panu sipapuma, mukamameta anthu muziwauza zimenezo. Muyambe ndi atatuwa."

A Lumo anayang'ana paketi ija osaitola.

"Woyendetsa basi uja," anatero motsitsa, "ankatsokomolanso."

A Telala anatembenukira kwa wagalimoto. "Achimwene, pepani takuvutitsani. Masulani chingwecho, katunduyu sakupita." Kenako anayang'ana mlamu wawo, amene anaima m'kati mwa khomo chikwama chili m'manja. "Alamu, ndinakulakwirani. Inu ndi ana."

Make Mapasa anaika chikwama pansi.

"Dokotala wati chiyani?"

"Wati ndipitenso sabata yamawa."

"Mupite."

"Ndipita."

"Osati zoyatsa n'kuika pansi. Mupite ndithu."

"Ndamva, alamu."

Wagalimoto ndi mmodzi wa odikira kumeta ananyamula makina aja n'kuwabwezera pawindo. Mwendo umodzi unkagwedera, Namasamu n'kupinda kachidutswa ka katoni kuikapo pansi. A Telala anakhala pampando wawo, koma sanaponde. Ankaoneka otopa ngati munthu amene wayenda ulendo wapansi. Anatenga jekete ija n'kuitembenuza.

"Manja ake sindinalumikize. Ndipo masiku akubwerawa ndizisowasowa muno."

"Bweretsani kuno," anatero Make Mapasa. "Kolala yakenso mwaipotoza. Mumapotoza nthawi zonse, ndinkangokhala chete."

"Ine? Zaka zonsezi palibe kasitomala anadandaulapo."

"Chifukwa ndinkakonza mukapita kukasuta."

Namasamu anati apita kunyumba kukawauza amayi, asanamve kwa a Lumo. Pamene ankatuluka, Make Mapasa anali atabwezera lamba pagudumu. Anamasula katoni, anasankha ulusi wakuda, anaunyowetsa kumlomo n'kuulowetsa pasingano. Anayala dzanja la jekete, anafananitsa misoko, n'kuyamba kuponda.